Theka la Kwinini pa Kambale ka Apongozi

Mwana wanga woyamba anali ndi zaka zinayi pamene anandiuza, dzuwa lili paliwombo, kuti ndiyatse koloboyi. Linali Loweruka. Ine ndinali pakhonde kuchonga makope a ana a giredi folo, iye atakhala pamphasa, atatsamira mwendo wanga. Ndinaseka. Ndikuuzeni zoona, ndinaseka, ndipo kuseka kumeneko ndimakumvabe m'makutu ndikakhala ndekha.

"Amama, kwada," anabwereza. "Yatsani."

Ndinaika cholembera pansi n'kumutembenuza kuti andiyang'ane. Maso anali otsegula bwinobwino, opanda manthongo, osafiira ngakhale pang'ono. Koma kamwana ka diso, kakuda kapakati kaja, kanali katakula mpaka kudzaza pafupifupi diso lonse, maso onse awiri. Ndinadutsitsa dzanja pankhope pake. Sanaphethire. Ndinadutsitsanso. Anangofunsa kuti ndili kuti, ine ndili pomwepo, mpweya wanga ukumuomba pamphumi.

Koma ndiyambe ndafotokoza mmene tinkakhalira, chifukwa mukapanda kudziwa zimenezo muziti tinali anthu osasamala mwana, pomwe chimene chinatipweteka n'chakuti tinkasamala tonse atatu.

Chinali chaka chimene tinasiya kudya chimanga chachikasu cha pa chilala chija. Ndinali ndi satifiketi ya uphunzitsi, yoyamba m'banja mwathu, ndipo ananditumiza kusukulu ina ya ku Pembamoyo, dera lakwathu lomwe. Nyumba za aphunzitsi zinali zochepa, ndiye ndinkakhala m'mudzi mwa amayi n'kumayenda wapansi, kunyamuka kusanayere bwino, kubwera dzuwa litapendeka. Amuna anga ndi a ku Zingalume. Anabwera kwathu chikamwini, anamanga nyumba chakumunsi kwa nkhokwe ya amayi, n'kupatsidwa munda.

Amayi ndi amuna anga sankalankhulana. Sichinali chidani, ayi. Unali ulemu wa pachipongozi, umene mabanja ambiri anali ataufewetsa kale, koma amayi ankausunga ngati mtedza wa mbewu. Akakumana panjira, mmodzi ankalowa m'udzu ngakhale kuli mame. Amayi akamabwera pabwalo pathu ankayamba atsokomola kuseri kwa nkhokwe, kuti mkamwini ngati alipo apeze kolowera kapena atembenukire kumbali. Mawu onse ankadutsa mwa ine. Amayi ankatha kunena, amuna anga ali chapomwepo akunola khasu, kuti ndiwauze atate ake mwana kuti mbuzi yawo yadya kholowa. Ine n'kutembenuka kuuza munthu amene wamva kale, iwo n'kuyankha kuti ndiwauze apongozi kuti mbuziyo aimanga. Ndinkaseka nazo zimenezi, ine wa ku koleji. Koma ndisaname, zinkandikomeranso. Akandituma wina kulibe, ndinkasefa mawu mmene ndafunira, olasa ndinkawataya panjira, ndipo anthu awiriwo anali asanayambanepo.

Panalinso kambale. Kambale kachitsulo, kosupuka m'mbali, kamene kankakhala pamwamba pa chipupa cha khonde lathu, m'munsi mwa denga, pomwe mvula sinkafika ndiponso mwana sankafikira. Chilichonse chimene amuna anga asiya pa kambale kameneko chinali cha apongozi awo: fodya wapamphuno wokulunga m'pepala, kachidutswa ka sopo, machesi, tinsomba ta kapenta akachokera ku Boma. Amayi ankatenga n'kusiyapo mtedza wokazinga kapena magwafa. Panalibe wonena zikomo. Ine ndinkakatchula kuti positi ofesi, ndipo onse awiri, aliyense payekha, ankandidzudzula kuti sukulu yandichotsa ulemu.

Chaka chimenecho mvula inagwa yambiri, udzudzu n'kubwera nayo. Mwana anadwala malungo chimanga chikumasula. Tinamumwetsa kolokwini, anatsitsimuka, patangopita masiku thupi linatenthanso. Tinabwereza, osaphula kanthu. Kolokwini anali atayamba kugonja, aliyense ankadandaula zomwezo. Tsiku lina anakomoka, maso kutembenuka, thupi kuuma gwa, tinathamangira naye kukiliniki, kumene anamuika diripi ya kwinini. Ahedi sanandimasule poti aphunzitsi tinali ochepa, choncho amene ankagona naye kumeneko anali amayi. Ine ndinkalemba masamu pabolodi mtima uli kwina, mpaka ana ankandikonza okha, ndipo belu likangolira ndinkayamba liwiro la kukiliniki choko chili m'manja.

Potuluka anatipatsa mapiritsi a kwinini m'kaenvulopu, oti akamalizire kunyumba. Anamwino anafotokozera amayi, ine nditafika anafotokozeranso ine: theka la piritsi, katatu patsiku, atadya kaye kanthu. Anachenjeza kuti m'makutu muzilira, tisadabwe.

Ndinakonza zonse ngati taimutebulo ya kusukulu. Popeza ndinkanyamuka mwana asanadzuke, atate ake azimumwetsa m'mawa akamwa phala, ndiponso masana akabwera kudzapuma kuchokera kumunda. Ine madzulo. Amuna anga ndinawauza bwinobwino, mpaka kuwaonetsa kadulidwe ka piritsi ndi lezala. Kwa amayi, amene ankatsala ndi mwana atate ake akapita kumunda, sindikumbuka chimene ndinanena. Ndayesa kambirimbiri. Nthawi zina ndimadzimva ndikunena kuti za mankhwala musavutike nazo. Nthawi zina ndimaona kuti mawu amenewo ndinawapanga ndekha pambuyo pake kuti ndizipeza tulo.

Kwinini ndi wowawa kuposa ndulu, ndipo mwana ankadana naye. Ali kukiliniki komwe anaphunzira bodza limodzi. Aliyense akabwera ndi supuni ndi kapu ya madzi, iye ankati, "Ndamwa kale." Ankanena ngakhale atangodzuka kumene. Tinkaseka kuti ameneyu adzakhala loya, ndipo ndine amene ndinalamula aliyense pakhomo kuti akati wamwa kale asamumvere, amugwire mphuno ameze.

Patapita masiku angapo anayamba kunena kuti m'makutu mwake mwalowa nyenje. Ndinati ndi zija ananena anamwino. Ukamuitana chakumbuyo sankacheuka. Madzulo ena anasanza. Ine nkhawa yanga yonse inali pa kutentha thupi. Ndinkamugwira pamphumi pochoka, pobwera, pomusambitsa, podya, ndipo popeza thupi linali lozizira, mtima unkakhala pansi kwa kanthawi, kenako n'kumugwiranso.

Amuna anga anandiuzapo nkhani ina ngati nthabwala. Anati chaka chino nkhuku zathu sizidwala malungo. Akadula piritsi m'mawa, theka lotsala ankaliika pakhonde kuti amumwetse masana, koma pobwera ankapeza palibe, n'kudula lina. Lotsala masana, limene ankasungira ine, nalonso linkasowa. Ndinali nditatopa, miyendo ili matope mpaka m'mawondo. Sindinafunse kuti pakhonde pati. Ndinangoti azivundikira ndi kapu, ndipo tikadzaperewera ndidzakapempha ena kukiliniki.

Ndiye Loweruka lija, dzanja litadutsa pankhope pake iye osaphethira, ndinathamangira m'nyumba kukatenga machesi n'kuyatsa pafupi ndi maso ake. Anangomva fungo, anati ndisamuotche. Apo m'pamene ndinakuwa. Amuna anga anabwera kuchokera kumunda khasu lili m'manja. Amayi anatulukira kuseri kwa nkhokwe osatsokomola, koma ataona mkamwini anaima chapatali n'kupereka msana, akufunsa ine kuti mwana watani, mwana watani. Ndinabereka mwana, ndinatenga kaenvulopu ka mankhwala ndi kadi ya kukiliniki, n'kukwera pakaliyala ya njinga. Amayi anatsatira wapansi.

Njira inali yoterera. Pamtsinje tinatsika n'kuwoloka madzi akufika m'ntchafu, amuna anga atasenza njinga paphewa. Njira yonse ndinkafunsa mwana kumsana kwanga ngati akuona mtengo uwo, ngati akuona ng'ombe izo, mpaka atate ake anandiuza kuti ndimuleke, ndikumuopseza. Posakhalitsa ndinayambiranso.

Kukiliniki anatiitanira adokotala kunyumba kwawo. Kwenikweni anali kiliniko ofesa, koma tonse tinkawatchula adokotala. Anaunika maso a mwana ndi tochi, ili ndi ilo, nthawi yaitali. Anamugwira khosi, anafunsa ngati anakomokanso. Kenako anapempha kaenvulopu n'kukhuthulira patebulo. Munatsala tochepa chabe, pamene masiku omwera anali asanathe. Anayang'ana kadi, anayang'ana ine.

Ndinafotokoza za nkhuku. Ndili mkati monena ndinamva ndekha kupusa kwake. Nkhuku yanji yovundukula kapu n'kuivundikiranso?

Anafunsa amene amamumwetsa. Ndinayankha ngati ndili m'kalasi, kuti m'mawa ndi masana atate ake, madzulo ine. Nthawi imeneyo amayi anali atafika, chitenje chitanyowa mpaka m'chiuno, ataima panja pawindo poti mkamwini anali mkati.

"Inenso ndimamumwetsa," anatero pawindo paja.

Tinatembenuka tonse, kupatula amuna anga, amene anayang'ana pansi monga mwa masiku onse.

"Uwafunse atate ake," amayi anauza ine, "ngati si iwo amandisiyira pa kambale. Amakhala atadula kale, kuti ine ndi maso angawa ndisavutike ndi lezala. Masiku ano amachita kuvundikira ndi kapu."

Amuna anga anakhala pansi, pasimenti penipeni. Patapita nthawi anati, mawu ali m'munsi, ndiwauze apongozi kuti ankasungira masana. Kuti paja ndi pokhapo pamene mwana sangafikire.

Onse awiri anadikira kuti ndinyamule mawu ngati kale.

"Uzanani nokha," ndinatero. "Makutu muli nawo nonse."

Chibadwire ndinali ndisanalankhulepo chonchi kwa amayi. Palibe anauza mnzake kanthu. Mwana yekha, ali pamiyendo panga, ndi amene anafunsa ngati ambuya, agogo akewo, abwera.

Adokotala anali a dera lathu lomwelo, nawonso mkamwini kwinakwake, ndiye sanafunse kuti anthu a pakhomo limodzi alephera bwanji kuuzana. Anati kwinini akachuluka m'thupi, makamaka la mwana amene wangodwala kwambiri, amatha kugwira maso. Asamwenso ngakhale kachidutswa. Anatitumiza kuchipatala chachikulu cha mishoni, kumene kunali odziwa za maso. Ndinafunsa ngati adzaonanso. Anati ena amaona, ena pang'ono, ena ayi, ndipo iwo sangandinamize. Ndinafunsanso funso lomwelo mwa njira ina, kenako mwa njira inanso, mpaka anangondigwira paphewa n'kundiperekeza pakhomo.

M'mawa mwake ngolo inatifikitsa ku Boma la Chadiza, kumene tinadikira minibasi mpaka inadzaza. Amuna anga anabwerera kumudzi kukayang'anira munda ndi kukauza ahedi. Ine ndinapita ndi amayi.

Kuchipatala kuja anatiuza zofanana, kuti mankhwala obwezera maso palibe, tidikire thupi lichotse lokha kwinini uja. Kudikira ndi ntchito imene ine sindiidziwa. Ndinkayatsa machesi pamaso pa mwana akadzuka, akadya, akayasamula, mpaka asisitere ena anandilanda bokosi n'kunena kuti ndiotcha wodi. Ndinayamba kumuwalitsira dzuwa pankhope ndi kagalasi kodziyang'anira. Anandilandanso. Ndinkamuimika pakati pa wodi n'kumufunsa kuti kuwala kuli mbali iti. Iye pofuna kundisangalatsa ankaloza paliponse, ine n'kumaseka kapena kulira malinga ndi kumene chala chagwera.

Azimayi a m'wodi aliyense anali ndi mankhwala ake. Wina anati ndimudonthezere mkaka wa m'mawere, wina madzi a shuga, wina anandinong'oneza za munthu wa kumalire a Mozambiki amene amachotsa zoponyedwa. Ine amene ndinkaphunzitsa ana za udzudzu ndi ukhondo ndinamvetsera zonsezo, ndipo za munthu wa kumalireyo ndinafunsa njira. Sindinapite, koma njira ndikuikumbukabe. Ndinkapita kuchimbudzi nditatsinzina kuti ndidziwe mmene dziko la mwana wanga lidzakhalire. Tsiku lina ndinagunda chidebe cha zinyalala, anthu n'kumanong'onezana kuti mphunzitsi uja mutu wayamba. Ndinkaganiza za akhungu amene ndinkawaona pamsika ku Chipata ndili ku koleji, amene ndinkawalambalala osawayang'ana. Ndinkaganiza zopempha tiransifa kupita kutali, ine ndi mwana basi, kopanda apongozi, kopanda akamwini, kopanda kambale.

Amuna anga anabwera kamodzi, pa njinga ulendo wonsewo, atamanga mondokwa pakaliyala. Popeza amayi anali m'wodi, iwo anaima panja pansi pa mtengo, ine n'kuwatulutsira mwana. Anamunyamula, iye akuwapapasa ndevu n'kumawauza kuti sanamete. Atandibwezera mwana anandifunsa, osandiyang'ana, ngati kwathu akuti achoke. Mkamwini amadziwa kuti nyumba imene anamanga ndi manja ake ili pa dothi la eni, ndipo atsibweni anga anali atayamba kale kudutsa pakhomo osapereka moni. Ndikanatha kuwauza kuti palibe amene awathamangitse. Ndinati sindikudziwa. Ndinawayang'ana akukankha njinga mpaka pageti, ndipo chinachake mwa ine chinakondwa kuti nawonso sagona.

Amayi ankakhala kumalo ophikira a odikirira odwala. Ankabweretsa phala, kuliika pakabati, n'kukhala pansi pafupi ndi khomo. Fodya anasiya, munthu amene sankayamba tsiku asanakoke. Sindinkawayang'ana. Mumtima ndinkaweruza iwo m'mawa, masana amuna anga, madzulo ndekha, ngati mmene tinkagawirana mankhwala aja. Koma mwana sankafuna msana wina koma wa ambuya ake. Ankawazindikira ndi fungo la utsi n'kutambasula manja.

Tsiku lina amayi atamubereka akumuyendetsa pakhonde la wodi, ine ndikulondola pambuyo ngati mlonda, ndinamva mwana akunena, osati modandaula, kungokumbutsa chabe:

"Ambuya, paja ndinanena kuti ndamwa kale."

Amayi anaima.

"Unanena, mayi wanga," anayankha. "Unanena."

Anapitiriza kuyenda, koma ndinaona mapewa awo atagwa. Amene anawalamula kuti asamumvere ndinali ine, ndipo amayi sananene zimenezo, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Chakumadzulo ndinapita kumalo ophikira, ndinakhala pambali pawo n'kuyamba kusadzula nkhwani. Za mankhwala sitinakambe. Anangondiuza kuti ndikusadzula moipa, ndikutaya tsamba.

Kuona kunabwera mozemba, pa nthawi imene sindinkamuyesa n'komwe. M'mawa wina ndikumuveka diresi anati apo pali choyera, akuloza windo, ndipo ulendo uno chala chinalunjika. Sindinakhulupirire. Ndinamuzunguza n'kumufunsanso. Analoza windo. Ndinamupititsa mbali ina ya bedi. Analoza windo. Patapita masiku anayamba kuona anthu ngati zithunzithunzi, kenako anazindikira maluwa ofiira a pachitenje changa n'kumawakanda ndi chala. Ndinkamufunsa mitundu ya zinthu, kapu iyi, bulangete ilo, nsapato za anamwino, mpaka ankalira kuti ndimusiye.

Dokotala wa maso anamuyeza ndi tizidole, akutibweretsa pang'onopang'ono kuchokera m'mbali. Atatha anatiuza kuti chapakati chabwerera, koma m'mbali mwafa. Anakulunga pepala ngati bango n'kundiuza kuti ndisuzumiremo ndi diso limodzi. Ndinaona nkhope yawo yokha, chipinda chonse chitasowa. Anati mwana wanu aziona choncho, mwina kudzatambasuka pang'ono, ndipo kukamada azivutika kwambiri. Ndinathokoza. Nditatuluka ndinakwiya kuti ndathokozeranji, kenako ndinachita manyazi kuti ndakwiya, poti pabedi loyandikana nafe panali mwana wa chikuku amene maso ake onse anali atayera.

Tinabwerera kumudzi chimanga chitayamba kuuma. Mwana ankayenda akutembenuza mutu uku ndi uku ngati njiwa. Ankagunda mtondo, ankaponda anapiye. Ndinachotsa pabwalo chilichonse, makasu, miphika, nkhuni, mpaka mwala umene amuna anga ankanolerapo, ndipo ndikabwera kusukulu ndinkayamba ndazungulira bwalo lonse ndisanatule chikwama. Amuna anga anali ataonda. Kambale kanali pamalo pake, kopanda kanthu, fumbi lokhalokha. Iwo ndi amayi anapitiriza monga kale, kutsokomola, kupereka msana, koma mawu otumizirana anatha chifukwa ine ndinakana kunyamula. Pakhomo panali zii.

Lamulungu lina titachokera kutchalitchi, amuna anga anali pakhonde akumata chubu cha njinga, mwana atakhala patsogolo pawo akuwagwirira guluu. Amayi anatsokomola kuseri kwa nkhokwe n'kudzakhala pamalo awo akale, chapambali, pansi pa mpapaya, nkhope atalozetsa kwina. Mwana anamva chifuwa chija n'kufunsa kuti ambuya ali kuti. Anatembenuza mutu pang'onopang'ono, kusakasaka, mpaka anawapeza. Anamwetulira. Kenako anafuna kuuza atate ake kuti ambuya abwera, koma potembenuka anawataya, n'kuyamba kusakanso. Akapeza uyu, uyo wasowa. Anachita choncho kangapo, kenako anaimirira kuti apite kwa ambuya, n'kupunthwa pa beseni la madzi oyesera chubu limene linali pambali pake penipeni. Sanavulale. Anakhala m'matope momwemo akulira mokwiya.

"Mukakhala uko sindikuonani nonse. Khosi likuwawa."

Ine ndinali pakhomo la nyumba, ndipo kamodzi kokha m'moyo wanga sindinathamange. Amayi ananyamuka, anakoka mphasa yawo fumbi likutsatira, mpaka pakhonde, n'kuiyala pafupi ndi mpando wa mkamwini wawo, moti chitenje chawo chinakhudza pampu ya njinga. Anakhala. Maso anali pa mwana.

"Mwaswera bwanji, atate ake mwana?"

Amuna anga anagwetsa chubu. Anayang'ana ine, ine ndinayang'ana denga. Anavula chipewa.

"Ndaswera, amayi. Kaya inu."

"Ndaswera. Chubu chimenecho chatha, mugule china. Ndinamutuma mkazi wanuyu chaka chatha, sanakuuzeni."

Mwana anapukuta misozi, anayang'ana kutsogolo, anawapeza onse awiri m'kabowo kake kamodzi, n'kusiya kulira.

Amayi aang'ono atamva anadandaula kuti kuthetsa chipongozi sikuchitika chonchi, pamafunika nkhuku ndi akuluakulu. Nkhuku inaphedwa pambuyo pake, imodzi mwa zija tinkazinamizira, ndipo atsibweni anabwera kudzadya nawo n'kupereka moni. Kuyambira pamenepo amayi ndi amuna anga amalankhulana, ndi kukangana komwe, za mbuzi, za malire a munda, zonse zimene ine ndinkataya panjira. Masiku ena ndimalakalaka nthawi ya kambale.

Mwana tsopano ali giredi fili, pasukulu yanga yomwe. Kuona kwa m'mbali kunabwerako pang'ono, osati konse. Amakhala kutsogolo m'kalasi, mpira sasewera chifukwa umamupeza asanauone, ndipo dzuwa likamapendeka amafuna akhale atafika kale pakhomo. Iye amati anazolowera. Amene sanazolowere ndine. Ndikadula piritsi, theka lotsala ndimalimanga kunsonga ya chitenje changa mpaka nthawi yake itakwana. Mng'ono wake akangotentha thupi ndimafunsa pakhomo ponse, mmodzimmodzi, kuti wamupatsa chiyani, ngakhale ndikudziwa kuti mankhwala ali m'chiuno mwanga. Ndipo pa nthawi yopuma, ana ena akuthamanga, ndimapezeka ndikumuyandikira chakumbali mwakachetechete, ndikugwedeza zala pafupi ndi khutu lake, kuona ngati mwina mwezi uno kwatambasuka.

Sacheuka. Amangopitiriza kusenda mtedza wake n'kunena kuti, "Amama, ndamva fungo la choko. Bwerani kutsogolo kuno ndikuoneni."